Ufa Umene Ndinanyamulira Agwarani

Mng'ono wanga Velonika anamwalira kwathu ku Dedza ine ndili kuno ku Canada, kumene mwana wanga Dominiko anandiitanitsa kuti ndidzalere khanda lawo. Uthenga unafika pa lamya m'mawa wa Lachiwiri, m'mwezi wa Malichi, chaka chija kwathu ankakonzekera mavoti a matipate. Pamene mlamu wanga ankakapeza lamya ku boma n'kuti maliro ataikidwa kale, patapita masiku atatu.

Ndinachita zimene munthu aliyense akanachita. Ndinakhala pansi, kutambalala, n'kuyamba kulira mokweza, kumuitana dzina mwana wa mayi anga. Koma nyumba yathu ya ku Scarborough ili pamwamba pa nyumba zinzake khumi ndi zitatu, ndipo makoma ake sasunga mawu. Woyandikana naye anayamba kumenya khoma. Kenako kunabwera bambo woyang'anira nyumbazo. Atatuluka iyeyo kunalowa apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo wamkaziyo anandipempha kuti ndimuonetse mikono, akuti mwina alipo amene amandimenya. Atapita, Dominiko anagwada patsogolo panga.

"Amayi, chonde, kuno salira chonchi. Atichotsa m'nyumba muno."

Basi ndinameza. Maliro aja anatsikira pachifuwa n'kukhala pamenepo ngati mbatata yosapsa. Miyezi inayi ndinayenda nawo. Chakudya chimangobwerera pakhosi. Ndinayesa kulirira m'bafa madzi akutuluka pampopi, koma kulira konong'ona si kulira, ndi kudzipweteka chabe.

M'mwezi wa Julayi, Lamulungu lina itatha Misa, anationetsa kanema m'holo ya parishi. Chingerezi sindimva, ndiye Dominiko ankandinong'oneza pang'onopang'ono. Anali ansembe achizungu a mikanjo yakuda amene anakakhala m'nkhalango ndi anthu ofiirira a tsitsi losalala, dzina lawo Agwarani. Anamanga tchalitchi, analima minda, ana anaphunzira kuimba. Kenako mafumu awiri a ku Ulaya, ina ya Asipanya ina ya Apwitikizi, anagawana dziko lija papepala n'kulamula kuti anthuwo asamuke. Nditangomva dzina la Apwitikizi ndinadziwa kuti nkhaniyi siithera pabwino, pakuti ife a m'malire tinaona ndi maso anthu othawa kutsidya, zikhatho zitatupa ndi kumenyedwa. Anthu aja anakana kusamuka. Asilikali anabwera, anawombera, anatentha mudzi. Mitembo ili mbwee pabwalo, kanema n'kutha, magetsi n'kuyaka, anthu n'kuyamba kupinda mipando.

Ine ndikudziwa kuti a m'kanema amachita sewero, wogwa amadzuka n'kukadya. N'chifukwa chake ndinafunsa.

"Dominiko, zimenezi zinachitikadi?"

"Zinachitika, Amayi. Kalekale."

"Nanga malirowo anaika ndani?"

"Sanaonetse."

"Analira ndani?"

"Amayi, tiyeni, basi itisiya."

Tisanatuluke, bambo mfumu analengeza kuti Loweruka lotsatira kuli ulendo wa parishi wopita kumpoto, kufupi ndi tauni ya Midland, kumene kunali mishoni yakalekale ya ansembe amene ankakhala ndi eni dziko lino. Ndinamukoka malaya Dominiko. "Eni dzikowo ndi omwe aja a m'kanema?" Iye maso anali pa khanda limene linali litayamba kuvuta. "Eya, eya, ndi omwewo, Amayi."

Usiku sunafike ndisanaganize chochita. Ngati kuli abale a anthu aja, ndiye kuti kuli siwa, ngakhale yakale. Pasiwa palibe amene amaletsa munthu kulira, ndipo tonse timadziwa kuti pa maliro a eni ake timalirirapo ndi athu omwe. Ndinati ndipita kukapepesa. Ndinapungula ufa pa thumba limene mpongozi wanga amagula ku sitolo ya anthu a ku Jamaica, ndinadzaza kabeseni, ndinamanga pa kansalu, n'kuika pansi pa chikwama. Sindinauze munthu.

Loweruka Dominiko anali ndi ntchito, ndiye anandipereka m'manja mwa Mayi Tembo, namwino wa ku Katete ku Zambia amene timapemphera naye, mayi wamtali, wa mawu ngati mwamuna. Anatiuza kuti basi inyamuka seveni koloko. Ife sikisi ndi theka tinali titafika pabwalo la tchalitchi. Seveni inakwana. Eyiti inakwana. Amayi a ku Philippines, amene ndiwo ambiri pa parishi yathu, anatsegula mapoto awo n'kuyamba kudya chakudya cha masana. Ine ndinakhala pa kakhoma, miyendo itayamba kale kutupa ulendo usanayambe.

Basi itafika, inali ija yachikasu yonyamula ana asukulu. Mipando yake anapangira matako a ana, mawondo amagunda mpando wakutsogolo. Mayi Tembo paokha anadzaza mpando wonse, ndiye anandikhazika kutsidya la kanjira, pafupi ndi mayi wina amene anali kuwindo. Anali wamfupi, wonenepa pang'ono, tsitsi lakuda lomanga kumbuyo, manja okhakhala ngati a munthu wochapa tsiku ndi tsiku. Ndinkamuona m'tchalitchi kumipando yakumbuyo, ndipo ndinkamuyesa wa ku Philippines. Tinagwedezerana mitu, basi. Analibe Chichewa, ndinalibe Chingerezi.

Tinayamba takhotera ku Markham kukatenga ena. Dalaivala, mzungu wachikulire wa ndevu zotuwa, anasochera pakati pa maofesi agalasi ofanana okhaokha, tinazungulira malo amodzi katatu. Pamapeto pake tinawapeza ataima pansi pa kamtengo, anthu asanu ndi mmodzi. Pakati pawo panali a Zulu, injiniya wa ku Chipata, bambo wa chipewa choyera amene sakhala chete ngakhale m'tchalitchi.

"Agogo, mwauka bwanji? Na imwe muli mu ulendo?" anatero akudzipanikiza kumbuyo kwanga. "Basi yamene iyi izatifikisa? Ine niona monga ni ya mu nthawi ya Federeshoni."

"Nkhalani pansi, a Zulu, musatilodze," anatero Mayi Tembo.

Titalowa mumsewu waukulu wopita kumpoto, tinapeza dziko lonse la Toronto likuthawa kwawo. Magalimoto mizere itatu, ena akukoka mabwato, ena atasenza njinga padenga, onse ataima. Timayenda kutalika kwa nyumba imodzi, kuima. Kuyenda, kuima. Dzuwa linakwera, mawindo amangotseguka kachala kokha kumwamba, thukuta linayamba kuyenderera m'misana. Mpando unamata ku chitenje. Munthu wina kumbuyo anasanza, ndipo fungo linayenda nafe mpaka ku Barrie.

Chokhacho chimene chinanditsegula maso panjira yonseyo ndi dimba lina lalikulu pafupi ndi Bradford. Dothi lakuda bii, lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera, mizere ya anyezi ndi kaloti yowongoka ngati anaiyeza ndi chingwe. Velonika ndiye anali mlimi wa anyezi pabanja pathu. Ndinatembenuza nkhope n'kuyang'ana msana wa dalaivala mpaka dimbalo litatha.

Apo n'kuti mayi wa kuwindo uja atatulutsa kakapu ka nyanga ya ng'ombe kodzaza masamba obiriwira, kokhala ndi kampope kachitsulo. Anathiramo madzi ozizira a mufulasiki, anayamwa, anathiranso, n'kundipatsa. Ndinakana ndi dzanja. Mankhwala a munthu wosamudziwa, komanso kampope kamodzi pakamwa pawiri, ayi. Sanakwiye. Anatsegula kapepala n'kundipatsa kamkate kozungulira, kolimba kunja. Nditaluma ndinadabwa. Munali chinangwa. Ndinamuyang'ana, ndinati, "Chinangwa!" Iye anaseka, ananena dzina lina, tonse tinagwedeza mitu ngati tamvana.

Ku Barrie tinafika dzuwa lili paliwombo, pamene timayenera kukhala titafika kale kumene timapita. Anatipatsa mphindi khumi ndi zisanu pamalo omwetsera mafuta. Chimbudzi cha amayi chinali chimodzi, ife amayi makumi atatu. Ndinaima pamzere mpaka mphindi zija kutha. Titakwera n'kuyenda kamtunda ndithu, mayi wina anakuwa kuti mwamuna wake kulibe. Tinabwerera. Tinakamupeza mkuluyo ataima pamthunzi akunyambita ayisikilimu, osadziwa n'komwe kuti anasiyidwa. Mkazi wake anamukalipira m'chilankhulo chawo kuyambira pamenepo mpaka tinatuluka m'tauni, ndipo ngakhale sindinamve liwu limodzi, ndinamva zonse.

Kupitirira Barrie tinasiya msewu waukulu n'kulowa wina waung'ono wodutsa m'mafamu. Tinangodutsa kamudzi kena ka tchalitchi chimodzi ndi sitolo imodzi, basi inayamba kutsokomola. Inakwera kachitunda mokoka miyendo, pamwamba pake n'kutulutsa utsi woyera kutsogolo, tolotolo. Dalaivala anaikokera m'mbali mwa msewu. Inalira kamodzi, n'kuti zii.

"Ninakamba ine," anatero a Zulu.

"Mwailodza ndimwe," anatero Mayi Tembo.

Tinatsika tonse. Kumanzere kunali munda wa chimanga chisanamasule, kumanja mpanda wa waya ndi ng'ombe zamawangamawanga. Nyumba yapafupi imaoneka ngati kabokosi ka machesi. Masiku amenewo lamya za m'thumba zinali za mabwana, m'basi monse munalibe nayo ndi mmodzi yemwe. Dalaivala anatsegula kutsogolo, anayang'ana, anavula chipewa, anavalanso, n'kuuyamba wapansi kulowera ku nyumba ija.

Tinakhala m'ngalande ya udzu m'mbali mwa msewu. Inu, udzudzu wa dziko lino suyembekeza mdima, umaluma dzuwa likuswa mtengo. Ola linatha. Madzi anatha. A Zulu anayamba nkhani ya kanema uja, poti pakamwa pawo sipakanatha kungokhala.

"Ine ija filimu inanikalipisa. Bationesa monga wansembe ni wabwino, msilikali ndiye woipa. Manje msilikali njira anamulangiza ndani? Wamene anasonkhanisa banthu pamalo amodzi, kubaphunzisa kugwada, ni ndani? Msilikali anapeza nchito yatha kudala."

"Imwe a Zulu, sukulu yamene inakupangani injiniya inali ya bandani?" anatero Mayi Tembo. "Si ya bamambo bamene abo?"

"Nikana lini. Koma banatenga chani posinthana?"

Anatembenukira kwa ine. "Agogo, imwe munabaona bamishoni bakudala. Tiuzeni."

Ndinati sindidziwa kuweruza. Ndinawauza kuti mayi anga atadwala chifuwa chachikulu anawachiza ndi masisitere a ku mishoni, osawalipiritsa kanthu. Ndinawauzanso kuti malume anga atamwalira, bambo mfumu wa pa mishoni yomweyo anakana kuti mtembo ulowe m'tchalitchi chifukwa malume anapezeka ku gule, ndipo analetsa akhristu onse kukakhala pasiwa. Mayi anga anapita mobisala, ndipo zitadziwika anawaletsa kulandira Ukalistia chaka chathunthu. Anali anthu omwewo, a mikanjo yomweyo.

A Zulu anati ndiye mfundo yawo imeneyo. Mayi Tembo anati ayi, ndi yawo. Ine ndinatsegula chikwama kufuna kansalu kopukutira thukuta, ndipo kabeseni kaja kanapendekeka, ufa pang'ono n'kutayikira pa udzu.

"Amama, mwanyamula chani umu? Ni unga?" anafunsa Mayi Tembo. "Muzaphikira kuti?"

Ndinati si wophika. Ndinati ndi wa chipepeso, ndikukapereka kwa abale a Agwarani kumene tikupitako.

A Zulu anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anadziletsa. Anavula chipewa n'kukhala pansi pafupi nane.

"Agogo, anakuuzani ndani kuti kuja kuli Agwarani?"

"Mwana wanga."

"Iyayi, Agogo. Baja banthu bali ku South America, ku Paraguay, ulendo wa pa ndeke siku lonse. Kuno kunali mutundu winangu, na beve banachokapo kudala maningi. Kwamene tiyenda kulibe mudzi. Ni nyumba chabe zamene banamanga kuti banthu baziona mwamene kunalili. Bamene muzapeza ni ba nchito, bavala zovala zakudala, faifi koloko bakomboka bayenda ku nyumba."

"Siwa kulibe?"

"Kulibe, Agogo."

Ndinayamba kutola ufa wotayika uja ndi zala, kuubwezera m'kabeseni pamodzi ndi udzu womwe. Manyazi anandigwira, nkhalamba yonse kunyamula ufa kudutsa nawo matauni anayi kupita kumene kulibe wofedwa. Koma choposa manyazi chinali chija cha pachifuwa, chimene chinali chitayamba kusuntha kuyambira m'mawa podziwa kuti lero chituluka. Tsopano chinayenera kubwerera ku Scarborough, kukakweranso nyumba khumi ndi zitatu zija.

Mayi wa kuwindo uja anali atakhala chapafupi, nsapato atavula. Analankhula kwa Mayi Tembo m'Chingerezi chodukaduka, ndipo ndinamvamo liwu limodzi lokha, Gwarani. Mayi Tembo anayankha, iye anayankhanso, kenako Mayi Tembo anagwira pakamwa.

"Amama, uyu mai akuti amvera tikutchula mutundu wake. Afunsa kuti tikukamba chani pa beve."

Dzina lake anali Ramona. Sanali wa ku Philippines ayi, anali wa ku Paraguay komweko. Ankagwira ntchito yokolopa m'maofesi a ku Markham, aja tinasocheramo m'mawa. Kuchokera apa zonse zimadutsa mwa Mayi Tembo, iye kunena, iwo kundiuza, ine kunena, iwo kumuuza.

Ramona anati agogo ake aakazi sankadziwa chilankhulo china koma Chigwarani, ndipo iyenso ndicho amalota nacho. Ndinafunsa ngati anauona kanema uja. Anati anauona, anali kumbuyo kwa holo, ndipo anatuluka usanathe.

"Akuti sanaukonde," anatero Mayi Tembo. "Akuti mu filimu muja bamene bakamba ni bazungu chabe. Bazungu bakangana, bazungu baganiza, bazungu bamvera chifundo. Beve bangoimba na kufa."

Ramona anapitiriza, mawu akukwera, chala chikuloza pachifuwa pake. Anati aliyense woonera amatuluka akuganiza kuti mtundu wawo unathera pabwalo paja. Anati sanathe. Ali m'misika, ali m'mabasi, akutukwanizana m'chilankhulo chomwecho, ndipo mmodzi ndi uyu akukolopa zimbudzi za ku Markham. Kenako analoza kabeseni kanga n'kufunsa kuti nanga ufawo ndi wa chiyani.

Mayi Tembo anamufotokozera mwambo wathu, kuti kwa ofedwa sitipita chimanjamanja. Ramona anakwinya nkhope.

"Akuti zikomo, koma eve sanafe, ndipo baja banafa zaka mahandiredi yapita. Akuti chifundo cha mu filimu sachifuna."

Pamenepo ndinaona kuti ndinene zoona, poti bodza linali litandifikitsa m'ngalande. Ndinati, "Muuzeni kuti si chifundo chokha. Muuzeni kuti ine ndine wofedwa. Mng'ono wanga anaikidwa ine kulibe, ndipo m'nyumba ya mwana wanga anandiitanira apolisi nditayamba kulira. Ndimafuna pakhomo pamene pali maliro kuti ndikalirirepo. Ndinaona anthu ake atagona pabwalo opanda wowalira, ine ndili ndi misozi yopanda poitayira, ndiye ndinati tithandizane."

Mayi Tembo anamasulira pang'onopang'ono, mawu awo aakulu aja atachepa. Ramona anayamba kuzula udzu ndi zala. Atayankha, sanayang'ane munthu. Anati mayi ake anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Mapepala ake okhalira m'dziko lino anali asanatuluke, akanapita sakanabwereranso, ndipo ana ake atatu amadya za m'manja mwake. Tsiku la maliro anapita kuntchito. Analirira m'kachipinda kosungira zokolopera, chitseko atatseka, makina opukutira pansi atawayatsa kuti asamveke.

Anatambasula manja onse awiri. Ndinagwada, pakuti chipepeso sapereka choimirira, n'kumupatsa kabeseni kaja. Anakalandira n'kukaika pamiyendo.

Ndinati, "Mufunseni ngati ndingalire."

Ramona anayang'ana kumsewu, anayang'ana ng'ombe, anayang'ana chimanga, n'kutambasula dzanja ngati akuti, pano atiletse ndani?

Panali mtengo waukulu pafupi ndi mpanda, kapatali pang'ono ndi basi. Tinapita pamenepo atatu. Ndinamanga chitenje m'chiuno molimba, ndinakhala pansi, ndinatambalala. Poyamba mawu anakana. Kenako chinang'ambika.

Mayo ine, Velonika! Mwana wa mayi anga! Wandisiyira yani? Unadwala osandiuza, unapita osanditsanzika! Anakusambitsa ndani ine kulibe? Anakutseka maso ndani, mng'ono wanga ine?

Ndinamuuza zonse. Ndinamuuza za anyezi amene ndinaona panjira. Ndinamukalipira chifukwa chotsogola iye wamng'ono. Ndinalira mayi, ndinalira malume amene anaikidwa ngati galu, ndinalira ndi aja a pabwalo, ngakhale maina awo sindiwadziwa. Ng'ombe zinasiya kudya n'kubwera kumpanda kudzationerera.

Sindinalire ndekha nthawi yaitali. Mayi Tembo anagwa pansi pambali panga n'kuyamba kuitana mchimwene wawo amene anamwalira ku Lusaka, mawu awo anamveka mpaka kuchimanga. Ramona sanakuwe, kwawo mwina salira motero. Anandigwira bondo ndi dzanja limodzi, lina lili pa kabeseni, akugwedezeka, akulankhula motsitsa m'chilankhulo chake, misozi ikugwera mu ufa. Amayi a ku Philippines anayamba aima patali modabwa. Mmodzi anafunsa a Zulu, a Zulu anamuuza, ndipo anabwera onse n'kukhala motizungulira, makolona m'manja. Ena a iwo analiranso, ndipo sindikhulupirira kuti ankalira Velonika. Amuna anakakhala paokha kutsidya la ngalande, zipewa zili m'manja, monga zimakhalira pasiwa. Palibe anawauza.

Dalaivala anatipeza tili choncho. Akuti anathamanga chigawo chomaliza cha njira poganiza kuti munthu wagundidwa ndi galimoto. A Zulu anamukhazika pansi pamodzi ndi amuna anzake.

Nditatopa ndinasiya ndekha, osati poletsedwa. Mutu unkawawa, maso atatupa, mawu atapita. Ramona anathira timadzi totsala mufulasiki yake m'kakapu kake ka nyanga n'kundipatsa. Ulendo uno ndinayamwa. Zinali zowawa ngati mankhwala a malungo, koma ndinamaliza.

Basi ina inabwera folo koloko itadutsa. Kumishoni kuja tinafika atatsala pang'ono kutseka. Ndinaona mpanda wa mitengo yosongoka, nyumba za makungwa, ndi mtsikana wachizungu atavala zakale akuyang'ana wotchi yake mobisa. Anzanga anathamangira kujambulitsa. Ine ndinakhala pabenchi pafupi ndi chipata, nsapato m'manja, mpaka anatiitana kuti tizibwerera. Njira yonse yobwerera ndinagona, mutu uli paphewa pa Ramona. Iye anatsikira ku Markham, kuntchito kwake, kabeseni kali m'khwapa. Mayi Tembo akuti Ramona ananena kuti kwawonso amaphika za ufa wa chimanga, koma udzuwo ayamba wausefa.

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinadzuka thupi lonse likuphwanya ngati ndalima ndime ziwiri. Ndinadya phala mbale yonse, ndinapemphanso lina. Mpongozi wanga, amake Tadala, amene akundilembera izi, anayang'anizana ndi mwamuna wake. Dominiko anali atamva kale zonse kwa Mayi Tembo pa lamya, ndipo ankalephera kundiyang'ana m'maso.

"Amayi, ndinakuyankhani mosaganiza tsiku lija. Pepani."

Ndinati zimenezo zatha. Ndinati abweretse makina ake ometera ndevu ndi mpando, aike pakhonde.

"Mukufuna kutani, Amayi?"

"Maliro ndalira. Tsopano ndimete."

Mpongozi wanga anazengereza. "Amayi, kuno anthu akaona mayi wometa mpala amaganiza kuti akudwala matenda aakulu. Kutchalitchi akufunsani."

"Akandifunsa mudzawauza. Meta, mwana wanga."

Ndinakhala pa kakhonde kathu kopapatiza, m'mwamba muja, magalimoto akuoneka ngati nyerere pansi. Anandikulunga thaulo m'khosi. Makina analira, imvi zinayamba kugwera pa nyuzipepala imene anayala pansi. Mphepo inandikhudza pamutu pamene sinakhudzepo zaka zambiri. Atamaliza ndinadzigwira, ndinati wameta bwino, ndinadzuka kuti ndikasambe.

Dominiko anali ataima pakhomo nthawi yonseyo, khanda lili m'manja. Anandipatsa mwanayo, anavula malaya ake a ku tchalitchi, n'kukhala pampando paja.

"Mawa muli ndi miting'i ku ofesi," anatero mkazi wake.

"Ndikudziwa," anatero. "Anali mayi anga aang'ono. Meta."